Mawu Amene Asiyatu Anabwera Nawo

Asiyatu anatsika minibasi ya ku Chirunga
ali ndi mawu m'kamwa ngati nthanga ya bwemba,
kuwagubuduza, osameza, osalavula.
Anandipeza pansi pa mkesha wa pa Chinamwali
ndikuwongola gudumu la njinga ya Che Mpinganjira
amene anagwera m'dzenje la pa Matawale
atasenza matumba awiri a makala.

Anati: Ababa, yunivesi.
Ndinati: ndikukudziwa, n'kumene kumapita ndalama zanga.
Anaseka mpaka kugwira mpanda.
Ayi, kumeneko ndi ku yunivesite,
ngakhale awiriwa anayamwa bere limodzi.
Yunivesi ndi zonse.
Phiri ili ndi nkhungu yake,
Chilwa akadzaza, Chilwa akaphwa,
dzuwa, ndi madzuwa ena amene kuwala kwawo
kukadali pa ulendo, sikunafike ngakhale pa Songani.

Akuti mawuwa anabadwira m'Chilatini,
chinenero chotsalira m'mabuku onunkha chinyontho.
Ukawathyola pakati ngati chinangwa
chidutswa china chikuti chimodzi,
chinacho chikuti kutembenuza.
Zonse zotembenuzidwa kukhala chimodzi.

Ndinaika sipanala pansi.

Ife tili nawo athu, ndinatero.
Chilengedwe. Mlengalenga. Namalenga.
Onse atatu akutuluka m'khomo la kulenga
ngati ana a nyumba imodzi opita kosiyana,
ndipo aliyense ukamuimitsa pa njira
amakuuza za mwini dzanja.
Ako aja sakufunsa mwini,
akungoyang'ana mmene chinthucho chikuzungulirira.

Ndiye olondola ndi ati, Ababa?

Sindinaphunzire zotere.
Ndinalekera sitandade sikisi
chaka chimene Likangala anakokolola munda wa amalume.
Koma gudumu ndimalidziwa.
Masipoko makumi atatu ndi asanu ndi imodzi,
iliyonse ikukokera kwake ngati abale pa chuma cha masiye,
iyi ikufuna kumanzere, iyo kumanja,
ndipo kukangana kwawoko n'kumene kumanyamula munthu
pamodzi ndi makala ake.
Imodzi ikalefuka onse amadzandira.

Ndinati: gwira apa.
Anagwira foloko, zala zake za cholembera
zikuopa girisi.
Ndinalikankha gudumu lija.
Masipoko anayamba kuthamangitsana,
kenaka sanawerengekenso,
kenaka anasowa,
panangotsala mbale imodzi yonyezimira
imene unkatha kuona nayo phiri kuseri kwake.

Asiyatu sanalankhule.
Ine ndinamva kamphepo kake pa tsaya.

Madzulo amenewo magetsi anazima monga mwa masiku onse.
Mawailesi a m'mashopu anatsamwa pakati pa nyimbo,
ndipo pamwamba pa Ku Chawe
mlalang'amba unatuluka, ufa wotayikira pa nsalu yakuda.
Akuti nawonso ndi gudumu,
ife tili pa sipoko ina, kutali ndi habu,
tikuzungulira osamva chizungulire.

Ndinafunsa: m'zonsezo muli ngongole ya fizi yako?
Ilimo, Ababa.
Nanga dzenje la pa Matawale?
Lilimo.
Nanga amako, amene tinawasiya ku manda a ku Naisi
mvula isanagwe?
Anayang'ana zala zake zakuda ndi girisi.
Buku silinanene, anatero,
koma ngati ndi zonse, ndi zonse.

M'mawa Che Mpinganjira anafika asanasukusule,
akutsimphina, bondo lomanga ndi kansalu.
Njinga yatha?
Ndinalizunguza gudumu, khutu pafupi ndi limu.
Penapake linkakhula, pang'ono chabe,
ngati munthu wofuna kutsokomola m'mzikiti.

Khalani pa benchipo, ndinatero.
Pali imodzi imene sinavomere.